Kalata kwa Joji: ngalande za ku Somme ndi phazi langa

Aise Joji,

Kalata yako yafika Lachiwiri, pamodzi ndi chithunzi chija waima pa udzu wosalala ku Beaumont-Hamel, m'dera la Somme ku France, manja m'thumba ngati mwini munda. Nachisale wachiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Mimbayi ndi ya a Joji kapena abisa pilo m'malaya?" Ine sindinayankhe, ndangoti udziwe.

Ukufunsa ngati ndikukumbukira za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse zimene aphunzitsi athu a Mbewe ankatilowezetsa mu Fomu 3. Ndikukumbukira kuposa iwe amene unkawodzera kumbuyo. Koma kuzimvetsa kwenikweni ndazimvetsa chaka chino, ndipo mphunzitsi wake ndi phazi langa. Mvula kuno yagwa masabata atatu osakata, ngalande ya kuseri kwa nyumba yatsekeka, ndiye m'mawa uliwonse ndimaifukula nditavala magambutsi obooka. Pano pakati pa zala patuluka linyetsu, khungu layera ngati chinangwa choviika. Usaseke. Asilikali a kumene unakajambulitsako zinkayamba chonchi. Munthu amaima m'madzi ozizira masiku angapo osavula jombo, phazi limachita dzanzi, kutupa, kuda, mapeto ake dokotala n'kulidula. Asilikali a Britain anafika powaika awiriawiri kuti wina azipaka mnzake mafuta a namgumi kumapazi, azisintha masokosi, mkulu wawo n'kumayendera phazi lililonse. Nanga ine wondipaka ndani? Nachisale akuti phazi langa sangalikhudze ngakhale ndi ndodo.

Udzu umene waimapowo ukukunamiza, aise. Ngalande zimene asilikali ankabisalamo zinayambira kunyanja ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, makilomita pafupifupi 700, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu n'kupitirirako. Sinalinso ngalande imodzi. Panali ya kutsogolo, ina kumbuyo kwake, inanso kumbuyo, n'timisewu tokumba tolumikiza zonsezo, zokhotakhota dala kuti bomba likagwera mkati zidutswa zake zisasese mzere wonse. Pansi matabwa, m'mbali matumba a mchenga, kutsogolo waya waminga. Masiku ambiri kunalibe n'komwe nkhondo yoti n'kusimba. Kunali kudikira, makoswe, ndi nsabwe zimene ankaziwotcha ndi kandulo m'misoko ya malaya. Mbandakucha ndi chisisira aliyense amaima chilili mfuti m'manja, usiku n'kumakonza waya ndi kukapa madzi. Kukapa madzi, wamva? Ntchito yanga yomweyi.

Chimene a Mbewe sanatilongosolere n'choti n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo anakhala m'maenje zaka pafupifupi zinayi. Yankho lake agogo anga ankalidziwa osapita kusukulu. Iwo ankati nkhondo ya chiwaya, poti mfuti ija inkathetheka ngati chimanga pachiwaya, zipolopolo pafupifupi 500 pa mphindi imodzi. Anthu ochepa okhala m'dzenje ndi mfuti yotere amatha kugwetsa gulu lonse lokodwa pa waya. Ngakhale mutalanda ngalande yoyamba, inu mukuyenda wapansi m'matope, uthenga ukupita ndi munthu wothamanga chifukwa mawaya a lamya aduka, pamene mdani akubweretsa asilikali ena pasitima. Mukamati tipume, abwera kale.

Pamalo waimapo paja, pa 1 July 1916, asilikali a ku Newfoundland (lero ndi mbali ya Canada) pafupifupi 800 anatuluka m'mawa, ndipo poitana maina tsiku lotsatira anayankha 68 okha. Mizinga inali italira sabata yathunthu, mabomba oposa 1.5 miliyoni, akuluakulu n'kumati Majeremani atha ndipo waya waduka. Koma Majeremaniwo anali atakumba zipinda zakuya pansi m'mwala wa choko. Mizinga itangoleka anakwera ndi ziwaya zawo. Wezulo inalira 7:30. Pofika madzulo, m'dera lonse la Somme, a Britain anali atataya anthu 57,470, mwa iwo 19,240 akufa. Tsiku limodzi. Nkhondo ya ku Somme-yo inakoka mpaka November, malo amene analanda osaposa makilomita khumi ndi pang'ono, mtunda umene Chikondi amapalasa panjinga popita kuchigayo.

Wati pachipilala cha chikumbutso cha ku Thiepval unawerenga maina mpaka khosi kuwawa. Alipo oposa 72,000, onsewo anthu amene manda awo sadziwika. Pamenepo ndinaika kalata pansi. Kwathu kuno nkhondo imeneyo sinali ya m'maenje, inali ya miyendo. Agogo ndi akulu awo anawagwira utengatenga, katundu pamutu, ulendo wa ku Karonga mpaka kulowa Tanganyika, dziko limene linali m'manja mwa Majeremani. Agogo anabwerako mapazi atang'ambika, akulu awo sanabwerere. Pachipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) pano pa Zomba ndimadutsa pafupifupi sabata iliyonse, koma dzina lawo sindinalionepo pamwala uliwonse. Agogo akaledzera ankangoti, "Tinamusiya pansi pa mtengo." Mtengo wake uti, sankanena.

Za a Mbewe mwina sunamve, tinawaika mwezi watha. Anthu anabwera ambiri, mvula inatinyowetsa kumanda, ndipo ndikukhulupirira kuti phazili linayambira komweko. Mankhwala opaka ndagula kawiri, kachubu kochepa ngati chala koma mtengo wake ngati nkhuku, osathandizanso. Chikondi akuti ndiviike m'madzi a mchere. Kuviikanso? Vuto lake si madzi omwewo? Dzulo usiku ndalota akundidula mwendo, iwe utaima pambali ukujambula. Ndadzuka ndawerenga zala, zilipo zisanu, koma chaching'onocho sindikuchikhulupirira.

Choncho ukamabwera usavutike ndi tiyi wako wa m'mabokosi uja. Masokosi aubweya, mapeya anayi, ndi magambutsi saizi 9. Ukapezanso mafuta a namgumi usawasiye. Ukadzapitanso ku France usatole chitsulo chilichonse m'minda, alimi akumeneko mpaka lero amafukula mabomba osaphulika polima, ndipo ndikukudziwa iwe ndi manja ako. Ndimafuna ndikuuzenso za utsi wapoizoni wa ku Ypres ku Belgium mu April 1915, mmene anthu ankakodzera pansalu n'kudziphimba kumphuno, koma magetsi azima, kandulo yatsala kachidutswa, ndipo ndikumva madzi ayambanso kulowa pakhomo la kukhitchini, Nachisale akuitana kuti ndibwere ndi khasu, ndiye zinazo

Ndine,
Wako wa phazi limodzi ndi theka