Lipoti la ku Lilongwe: chifukwa chake makanema ena akwathu sapezeka pa dishi

A Tcheyamani, akomiti ndi amisiri anzanga nonse a kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, Chipoka ndi Khombedza,

Munandituma kuti ndikafunse za nkhani imene yakhala ikutiyambanitsa ndi makasitomala. Munthu wagula dishi, tamukhomera, chithunzi chikuoneka bwino, koma kanema wakwathu amene mnzake wa Kiliye Kiliye, dikoda ya mlongoti, akuonera kuseri kwa mpanda iye sakumupeza, ndiye akuti mmisiri wamubera. Msonkhano wa ku Lilongwe umene ndinakafunsako unali wa masiku awiri. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kale kwa msungichuma, ndipo aliyense wofuna kuwaona akhoza kutero.

M'mawa wa tsiku loyamba unatha ndi malonje ndi mbiri ya malamulo. Chimene ndinatolapo n'chakuti mayiko anagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasiya kuulutsa kanema mwa njira yakale ya analogi pa mafunde a mlongoti a UHF, ndipo kwathu ntchito yonyamula makanema pa dijito inapatsidwa kwa kampani ya boma ya MDBNL, eni ake a Kiliye Kiliye. Madzulo ake ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanu sinapite pachabe.

Nkhani yake ili motere. Njira imodzi ya UHF ndi yotambalala 8 MHz. Kale njira imeneyi inkanyamula kanema mmodzi yekha. Pa DVB-T2, dijito ya mlongoti, njira yomweyo imanyamula makanema ofika ngakhale 20 ngati si a HD, onse atamangidwa mtolo umodzi umene akatswiri amautcha multiplex. Nyumba youlutsira imatumiza chithunzi chake kwa onyamula, iwo n'kuchimanga mu mtolowo pamodzi ndi anzake, n'kuuponya pa nsanja. Dikoda ya T2 ikagwira njira imeneyo, yagwira onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake wa mlongoti akangosaka kamodzi amapeza mndandanda wonse.

Kampani ya setilaiti sinyamula mtolo umenewu. Imasankha kanema mmodzimmodzi. Aliyense amafunika pangano lakelake, chithunzi chake chifike mosadukaduka pamalo pamene kampaniyo imaponyera m'mwamba, ndiponso chipatsidwe malo pa transponder, chipangizo cha pa setilaiti chobwezera chithunzi pansi. Malo amenewo ndi a lendi, ndipo lendi yake ndi ya madola. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Kanema wa mpingo kapena wa m'dera amene amadalira zolengeza za maliro ndi maukwati angaipeze kuti ndalama yotere? Choncho akuluakulu monga MBC TV ndi Times TV mumawapeza pa madishi olipira, pamene ang'onoang'ono ambiri amathera pa mlongoti. Komanso mndandanda wa kampani ina umasiyana ndi wa inzake, ndipo umasintha pangano likatha. Palibe kupotoza LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kolandira mafunde, kumene kungatulutse kanema amene sanakwezedwe m'mwamba.

Apa ndiyenera kunena mosabisa, a Tcheyamani. Pakati pathu pali ena amene akugulitsa madikoda a T2 n'kumauza anthu akumudzi kuti akalumikiza ku dishi aona makanema onse akwathu ulere. Nkhaniyi tinaikamba pa msonkhano wathu wapitawo, koma palibe chinachitika. Dishi imalankhula DVB-S2, dijito ya setilaiti, ndipo LNB imatsitsa mafunde pakati pa 950 ndi 2150 MHz. Dikoda ya T2 imamvera UHF, kuyambira 470 mpaka 694 MHz, ndipo siipatsa LNB mavoti 13 kapena 18 amene imafuna kuti igwire ntchito. Zinthu ziwirizi sizingamvane. Mayi wogulitsa usipa akasunga ndalama miyezi itatu n'kugula bokosi losagwira, satchula dzina la amene wamugulitsa, amangoti amisiri a pa Kamuzu Road ndi akuba. Dzina lowonongekalo ndi lathu tonse. Ngakhale GOtv, ambiri amaganiza kuti ndi ya dishi chifukwa eni ake ndi omwe a DStv, koma imayendera mlongoti.

Wofuna zonse ziwiri timuuze poyera kuti afunika dishi ndi mlongoti. Ma TV ambiri atsopano ali ndi T2 m'kati, ndiye waya wa mlongoti umalowa mwachindunji pa TV, dikoda ya dishi n'kulowera pa HDMI. Ngati nyumba ndi ya lendi ndipo mwini wake sakufuna mabowo awiri pakhoma, akatswiri anationetsa kagwiritsidwe ntchito ka diplexer. Zimafunika ziwiri, ina padenga yophatikiza mawaya awiriwo kukhala umodzi, ina kuseri kwa TV yowalekanitsanso. Onetsetsani kuti waya wa LNB walowa pakhomo lolembedwa SAT, chifukwa ndi lokhalo limene limadutsitsa magetsi. Mukasemphanitsa, dikoda imangolemba kuti palibe siginolo ndipo mudzataya tsiku lonse mukugwedeza dishi yosalakwa. Vuto lina ndi buusta, kachipangizo kokwezera siginolo ya mlongoti. Ngati mlongoti uli ndi buusta yodyera mu waya, diplexer wamba imaitsekera magetsi, ndiye pamenepo kokani waya wachiwiri basi.

Za buusta tinakambirana nthawi yaitali ndipo ndinasangalala kumva akatswiri akunena zimene enafe takhala tikunena. Buusta imakweza zonse, siginolo pamodzi ndi phokoso lomwe. Pa dikoda pali mizere iwiri, wa mphamvu ndi wa ubwino wa siginolo. Mzere wa mphamvu ukhoza kudzaza, koma ngati wa ubwino uli pansi chithunzi chimasweka timabokosi kenako n'kuzimiratu, pakuti dijito ilibe chithunzi cha mchenga ngati kale. Kuno kunyanja tili m'chigwa, zitunda zili kumadzulo kwathu, ndiye mankhwala oyamba ndi kukweza paipi kuti mlongoti udutse mitengo ya mango ndi madenga, n'kumautembenuza pang'onopang'ono wina akuwerenga mzere wa ubwino. Nyumba ikakhala pafupi ndi nsanja ya mafoni, ikani sefa ya LTE, yotsekereza mafunde a mafoni, buusta isanafike.

Pa madishi sanatiuze zachilendo kwenikweni, koma ziwiri ndibwereze. Mvula yamphamvu ya Januwale ndi Febuluwale imafooketsa mafunde a setilaiti a Ku-band, ndipo dishi ya masentimita 60 imagonja msanga kuposa ya 90. Chachiwiri, mwera ukayamba mu Juni, dishi yokhomedwa pa thabwa la m'mphepete mwa denga ku Senga Bay imasuntha pang'ono pokha ndipo chithunzi chimatha. Khomani pakhoma la njerwa ndi mabawuti anayi. Waya akhale wa mtundu wa RG6, F-connector (cholumikizira waya) yakunja ikulungidwe ndi tepi yosalowa madzi, ndipo waya apinde pansi asanalowe m'nyumba kuti madzi adonthere panja.

Gawo la m'mawa wa tsiku lachiwiri linali la amalonda oonetsa katundu wawo.

Pomaliza msonkhano unamanga mfundo ziwiri. Yoyamba ndi kulembera oyang'anira zoulutsa mawu kuti makanema akwathu onse akwezedwe pa setilaiti imodzi mosatseka, kuti madera amene nsanja sizifika azionera ndi dikoda wamba ya S2. Iyi ndinaikwezera dzanja ndi mtima wonse. Mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice, eni ake a DStv, inalengeza kuti ikuimitsa DStv m'Malawi pa mkangano wa mitengo ndi bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la MACRA, tinaona tokha kuti munthu wa dishi yekha akhoza kudzuka alibe ngakhale nkhani za dziko lake. Funso limene silinayankhidwe ndi lakuti lendi ya transponder adzalipira ndani, ndipo kalata yopanda yankho limeneli ndikuopa kuti idzangogona mu kabati.

Yachiwiri ndi yakuti amisiri azikhala ndi satifiketi. Maphunziro sindikuwakana, koma akonza kuti azichitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha. Mnyamata wa ku Thavite amene amakhoma madishi awiri pa mwezi sangakwanitse thiransipoti, malo ogona ndi fizi. Mapeto ake ntchito za m'malo ogona alendo a kunyanja kuno zidzatengedwa ndi a mumzinda. Ndinapempha kuti ophunzitsa azibwera m'maboma, ndipo anati tilembe pempho ndi mayina a mamembala. Mlembi akonze mndandandawo Loweruka tikakumana. Tsiku lomwelo ndidzabweretsa diplexer ziwiri kuti tiyesere limodzi, choncho mita ya gulu yoyezera siginolo, imene inabwerekedwa mwezi wa Marichi ndipo sinabwerebe, ifike pa tebulo la a Tcheyamani nthawi ya 9 koloko isanakwane.