Tionetseni mfuti za chiwaya zomwe makolo athu ankasenza

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke pempho kwa akuluakulu a asilikali a dziko lino komanso a nthambi yosamala zinthu zakale.

Kuno ku Zomba tili ndi chipilala cha King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, tili ndi Cobbe Barracks, ndipo chaka chilichonse mu Novembala timavala kaduwa kofiira pokumbukira omwe anagwa pankhondo. Koma mwana akafunsa kuti mfuti ya chiwaya inali yotani, inkayenda bwanji, ankaigwiritsa ntchito anthu angati, mphunzitsi amangokanda m'mutu. Ine ndaphunzitsa mbiri mpaka kupuma ntchito, ndipo zomwe ndinkapeza ndi timabuku ta Chingerezi tomwe analembera asilikali a ku Britain, ndi makanema a pa YouTube a azungu osunga zida zakale. M'menemo mulibe Myao, Mlomwe kapena Mngoni, chonsecho ndi iwo ankazunzika ndi zitsulo zimenezi.

Dzina la Cobbe lomwe timalitchula tsiku ndi tsiku lili ndi mfuti yomweyi kumbuyo kwake. Pa 6 Okotobala 1902, chaka chomwe KAR inakhazikitsidwa, Alexander Cobbe anatsala yekha kutsogolo ndi mfuti ya Maxim pa nkhondo ya ku Erego, ku Somaliland. Anaikokera kwa anzake, n'kuiomba yekha zinthu zitathina, ndipo anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross. Ndi angati mwa okwera minibasi odutsa pamenepo omwe amadziwa zimenezi?

Mfuti ina ya chiwaya yotchedwa Vickers, yomwe asilikali a Britain ankagwiritsa ntchito kuyambira mu 1912 mpaka 1968, sinali mfuti ya munthu mmodzi. Zipolopolo 250 zinkasomekedwa palamba wa nsalu yokhuthala. Mpope wake unkakhala m'chigubu cha madzi okwana pafupifupi malita 4 kuti usapse, ndipo ikalira nthawi yaitali madziwo ankawira, nthunzi n'kumadutsa m'paipi kukagwera m'chitini kuti madzi asatayike. Miyendo yake itatu yokha inkapitirira makilogalamu 20. Tsono ganizirani msewu kulibe, galimoto kulibe, mvula ikugwa. Wina asenze mfuti, wina miyendo, ena mabokosi a zipolopolo, ena madzi. Agogo anga aamuna anali m'gulu la amtengatenga pa nkhondo yomenyana ndi Majeremani, yomwe kuno inafika ku Karonga mu Seputembala 1914. Pamapewa pawo panali zipsera ziwiri zakuda, zolimba ngati khungwa, pomwe pankakhala mtengo wonyamulira katundu. Mfutiyo sanaloledwe kuigwira chowombera ngakhale tsiku limodzi. Anabwerako ndi chifuwa chomwe sichinathe.

Ndisamveke molakwika. Sindikuti achinyamata aphunzitsidwe kuwomba, ayi. Mfuti zankhondo malo ake ndi kubalaki, ndipo lamulo likhale lomwelo. Ndikupempha chipinda chimodzi chokha pafupi ndi chipilala chija, muikidwe Maxim kapena Vickers yophedwa kale moti singalirenso, lamba wake wopanda zipolopolo, bokosi lake, ndi msilikali wopuma ntchito woti azifotokozera alendo. Ana ayese kunyamula miyendo ija, amve okha kulemera kwake. Pakhalenso kabuku ka Chichewa ndi Chiyao kofotokoza ntchito ya munthu aliyense pamfutiyo, komwe anthu athu anaitengera, kuchokera ku Tanganyika mpaka ku Burma mu 1944, ndi zomwe inkachita pathupi la munthu, chifukwa imeneyonso ndi mbali ya phunzirolo.

Nyumba yosunga zikalata zakale za boma, National Archives, ili konkuno ku Zomba. University of Malawi ili pompano, ndipo ili ndi ophunzira mbiri omwe chaka chilichonse amasaka mutu wa kafukufuku. Atumizeni m'midzi ya ku Domasi, Malosa ndi Thondwe akajambule mawu a ana ndi adzukulu a asilikali aja tikadali moyo. Ine ndine wokonzeka kukhala woyamba kuwalandira pakhomo panga.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chinamwali, Zomba