Olemba nkhani za mbiri yakale azitiuza pamene apeka

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mabuku ndi masewero amene amatenga anthu ndi zochitika zenizeni za m'mbiri n'kuzisakaniza ndi zimene mlembi wapeka yekha. Ine nkhani zoterezi ndimazikonda, ndipo sindikupempha kuti wina aziletse, koma pali chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa.

Kupeka munthu amene sanakhaleko n'komwe kulibe vuto. Leo Tolstoy, m'buku lake la War and Peace, anaika munthu wongopeka, Pierre Bezukhov, pakati pa nkhondo ya ku Borodino ya mu 1812, pamene asilikali a Napoleon, mfumu ya ku France, anakumana ndi a Russia otsogozedwa ndi Kutuzov. Pierre amangoyendayenda pabwalo la nkhondo atavala chipewa choyera, osadziwa kolowera, ndipo kudzera mwa iye timaona utsi, chipwirikiti ndi mantha zimene buku la kusukulu limangozidumpha. Palibe amene walakwiridwa pamenepo, pakuti Pierre alibe manda, alibenso zidzukulu.

Zinthu zimasintha pamene chopekacho chavekedwa munthu weniweni. Mfumu Richard III ya ku England inaphedwa pankhondo ya ku Bosworth mu 1485, ndipo patapita zaka zoposa 100, William Shakespeare anaijambula m'sewero lake la Richard III ngati munthu wa linunda, wa mkono wopuwala ndi wa mtima wa chilombo. Tisaiwale kuti ankalemba mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I, mdzukulu wa Henry Tudor amene anagonjetsa Richard yemweyo. Inenso kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira za mkono wopuwalawo ngati kuti ndinauona ndi maso anga. Mu 2012 mafupa a mfumuyi anapezeka pansi pa malo oimikapo magalimoto mumzinda wa Leicester, ndipo akatswiri atawapima anapeza kuti msana unalidi wokhota chammbali, koma mikono yonse iwiri inali yabwinobwino. Izi sizikuyeretsa Richard pa milandu imene amamuganizira, monga kusowa kwa ana awiri a mchimwene wake, komabe zikuonetsa kuti sewero lokoma linakhazikika m'mitu ya anthu kwa zaka 400, ambiri osalifunsa umboni.

Pempho langa likupita kwa olemba ndi osindikiza mabuku. Kumapeto kwa buku lililonse lotere aziikako tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza anthu amene anakhalakodi, masiku amene asunthidwa kuti nkhani iyende bwino, ndiponso mawu amene aikidwa m'kamwa mwa anthu enieni popanda chikalata chowachitira umboni. Olemba ena amachita kale zimenezi, ndipo ine masiku ano tsamba limenelo ndi limene ndimayamba kuwerenga ndisanatsegule mutu woyamba.

Wowerenga wanu wokhulupirika