Kwa mwana wanga, za mndandanda wa mitengo ya mbewu m'foni

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko. Kuno ku Kasungu tadzuka, amayi ako akuti moni wambiri, ndipo soya wa kumunda wa kudambo uja wayamba kuyoyola masamba.

Pulogalamu yako ya mitengo ya mbewu ndaiika m'foni ndipo ndakhala ndikuiyesa. Mtima wanga wadzaza. Pamene ndinkaphunzitsa makompyuta ku sekondale, ana ambiri ankagawana makina amodzi, ndipo lero mwana wa m'nyumba mwanga wapanga chinthu choti mlimi azichinyamula m'thumba. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni kuti uwerenge izi uli pa kompyuta yako, pulogalamuyo ili yotsegula patsogolo pako.

Uyambe waganizira munthu amene adzaitsegule. Ndi mlimi wa ku Chamama kapena ku Nkhamenya amene ali ndi matumba angapo a soya pakhonde. Aona pa mndandanda wako kuti mtengo uli bwino ku Santhe kapena pa boma, abwereka ndalama ya galimoto, akweza matumba, ulendo. Akakafika n'kupeza kuti mtengowo unali wa sabata yatha, sangabwerere nawo katunduyo, ndipo mavenda amadziwa bwino lomwe kuti munthu amene watsitsa kale matumba pa sikelo alibenso mphamvu zonenerera. Agulitsa motchipa, ndalama ya mayendedwe yapita. Mzere uliwonse wa pa sikirinipo munthu adzayendera ulendo. N'chifukwa chake chimene ndikukupempha koposa zonse n'chakuti mndandandawo usaname, ngakhale pamene netiweki yavuta.

Pakali pano mzere wako ukuonetsa dzina la mbewu, msika ndi mtengo. Ukusowa tsiku. Lemba pa mzere womwewo kuti mtengowu unatengedwa liti, ndipo likhale tsiku limene munthu wanu anaima pamsika n'kufunsa, osati nthawi imene foni yalandira uthengawo kuchokera ku seva, kompyuta imene imasunga mitengoyo n'kumaitumiza ku mafoni pa intaneti. Ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Seva ikhoza kuyankha msanga lero m'mawa koma n'kupereka mtengo umene unalowetsedwa kalekale. Nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, mitengo ya soya ndi mtedza imasintha msanga, choncho mtengo ukadutsa masiku amene inu mwagwirizana, uzioneka wofiira kapena wozimirira, ndi mawu achichewa omveka akuti ndi wakale.

Za muyeso nazonso usazitenge mopepuka. Wina amagula pa kilogalamu, wina pa thumba la makilogalamu 50, wina pa ndowa. Mtedza wosenda ndi wa makoko sugulidwa mofanana, ndipo mitundu ya mtedza ya CG7 ndi Chalimbana ogula amaisiyanitsa. Zonsezi zilembedwe pa mzerepo. Ndinaonanso kuti ndikasanja kuyambira mtengo wokwera, 900 ikukhala pamwamba pa 1200. Ndikuganiza kuti mu JSON (kalembedwe ka uthenga wa pakati pa makompyuta) imene seva ikutumiza, mtengo ukubwera ngati mawu osati ngati nambala, ndiye foni ikuyerekeza chilembo choyamba chokha n'kuona kuti 9 aposa 1. Usinthe ukhale nambala usanasanje. Ngati ungathe, uikenso pambali mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka, kuti mlimi adzionere yekha pamene akumubera.

Tsopano za netiweki. Uko mumagwira ntchito pa Wi-Fi ya mu ofesi, ndipo zonse zimabwera musanaphethire. Kuno ukangochoka mu msewu wa M1 n'kulowa kumidzi, intaneti imabwera n'kumapita. Nditatsegula pulogalamu yako pamalo otero, ndinangoona sikirini yoyera, popanda chilichonse. Ine ndinadziwa kuti seva sinafikirike. Mlimi aganiza kuti lero kulibe ogula. Pali zinthu zitatu zimene munthu ayenera kuzisiyanitsa ndi maso: kuti foni ikutenga mitengo ndipo adikire, kuti yatenga koma msika umenewo ulibe mtengo wolembedwa, ndi kuti yalephera kutenga. Chilichonse chikhale ndi mawu akeake, ndipo pa kulepherapo pakhale batani loti ayesenso. Manambala osonyeza vuto amene seva imabweza, ngati 404 kapena 500, ndi ako iwe wokonza, usamuonetse mlimi.

Koposa apo, foni izisunga zimene inalandira komaliza. Android ili ndi nkhokwe yosungiramo uthenga yotchedwa SQLite mkati mwake, ndipo chida cha Room chimakupeputsira ntchito yolemba ndi kuwerenga m'menemo. Konza kuti mndandanda uziwerenga kuchokera m'foni momwemo nthawi zonse, ndipo intaneti ikapezeka izingobwera kudzakonzanso zosungidwazo. Munthu akapita pa boma n'kupeza netiweki yabwino, akabwerera kumudzi mitengoyo ikhale ikadalimo, ndi tsiku lake loonekera bwino. Apa ndi pamene tsiku lija likugwira ntchito kwambiri, chifukwa kusunga popanda kunena kuti n'zakale ndi bodza lomwe lija.

Pali vuto lina limene linanditengera nthawi kuti ndilimvetse. Ndikakoka mndandanda ndi chala mwachangu, chizindikiro chofiira chakuti mtengo watsika chimaoneka pa mzere wa mtedza pamene chinali cha soya. Nthawi zina chithunzi cha chimanga chimakhala kaye pa mzere wa nyemba kenako n'kusintha. Ukugwiritsa ntchito RecyclerView, chida choonetsera mndandanda pa sikirini chimene Google inatulutsa mu 2014, ndipo wasankha bwino. Sikirini imakwana mizere 7 kapena 8 basi, ndiye ngakhale mndandanda utakhala ndi mizere 500, foni imangopanga yokwana pa sikirini ndi ina yochepa yapadera. Mzere ukatuluka kumwamba umabwezedwa kunsi kuti unyamule uthenga wina. Zili ngati mbale za pa ukwati wakumudzi: mbale zochepa zimadyetsa khamu lonse chifukwa wina akamaliza, amayi amatsuka n'kupakuliramo wotsatira. Zako sizikutsukidwa. Yang'ana mu onBindViewHolder, pamene pulogalamu imaikira uthenga pa mzere uliwonse. Ndikukhulupirira kuti walemba zoti mtengo ukatsika chizindikiro chioneke, koma sunalembe zoti ukapanda kutsika chibisike, ndiye mzere ukufika kwa mbewu ina uli ndi zotsalira za yoyamba. Chilichonse chimene umaika pa mzere uzichiikanso kapena kuchichotsa nthawi iliyonse mzerewo ukapatsidwa uthenga watsopano. Za zithunzi, chifukwa chake n'chakuti chithunzi chimafika mochedwa, mzere umene unachipempha utapatsidwa kale kwa wina. Zida zotengera zithunzi monga Glide kapena Coil zimadziwa kuletsa pempho lakale likabwera latsopano pa malo omwewo, choncho usavutike kulemba zako.

Ungaone ngati n'zazing'ono, koma chizindikiro chofiira pa mzere wolakwika chingachititse munthu kusunga mtedza umene akanagulitsa, kapena kuthamangira kugulitsa umene akanasunga.

Zoti kutenga uthenga pa intaneti kusamachitike pa main thread, njira imene imajambula sikirini ndi kumvera chala, ukuzidziwa kale, popeza kuyambira Android 3.0 mu 2011 foni imakana yokha. Koma si intaneti yokha imene imalemetsa. Kumasula JSON yaikulu, kusanja mizere mazanamazana, kutsegula chithunzi, zonsezi zikachitikira pamenepo mndandanda umayenda modukizaduka. Foni yojambula sikirini ka 60 pa sekondi imakhala ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha pa kujambula kulikonse, ndipo pulogalamu ikakhala masekondi 5 osamvera chala, Android imafunsa munthu ngati akufuna kuitseka. Ambiri amatseka, ndipo sabwereranso. Mitengo yatsopano ikafika, usajambulenso mndandanda wonse. Chida cha DiffUtil chimayerekeza mndandanda wakale ndi watsopano n'kusintha mizere yokhayo imene yasintha, munthu osataya pamene anali kuwerenga.

Pa zithunzi ndili ndi maganizo anga, ndipo ukhoza kutsutsa. Ine ndikanazichotsa zambiri. Mlimi amamudziwa soya, safunika kumuona. Chithunzi cha pa kamera cha mapikiselo 4000 ndi 3000 chikatsegulidwa chonse chimadya pafupifupi 48 MB m'memore ya foni, chifukwa pikiselo iliyonse imatenga mabayiti 4. Mafoni ambiri amene ndimaona m'manja mwa anthu kuno ndi ang'onoang'ono a Android Go, a memore ya 1 GB kapena 2 GB, odzaza kale ndi WhatsApp ndi nyimbo. Zithunzi zingapo zotere, pulogalamu yagwa. Komabe ndikudziwa kuti kwa amene kuwerenga kumawavuta, kachithunzi kamathandiza kupeza mzere. Ngati ndi choncho, mbewu zake n'zowerengeka: ika tizithunzi tating'ono m'pulogalamu momwemo, tisamachokere pa intaneti.

Bandulo ndi ndalama, mwana wanga, ndipo kwa ena ndi ndalama imene ikanagula mchere kapena sopo. Usakoke misika yonse ya m'Malawi pamene munthu akufuna ya Kasungu yokha. Tenga mizere 20 kapena 30, ina ibwere akayandikira kunsi kwa mndandanda. Seva izipanikiza uthenga ndi gzip. Gwiritsanso ntchito ETag, chizindikiro chimene chimasintha uthenga ukasintha, kuti foni ikafunsa ndipo palibe chasintha, seva ingoyankha 304, kutanthauza kuti sizinasinthe, osatumizanso zonse. Ndipo pulogalamu isamadzitengere uthenga mobisa mphindi iliyonse ili m'thumba. Munthu akazindikira kuti bandulo yake ikutha osadziwa chimene chaidya, amachotsa pulogalamu imene waiika posachedwa, ndipo imeneyo idzakhala yako. Batire nalonso likumbukire, poti ena amalipira kukatchajitsa pa sola ya pa golosale.

Zilembo zikule. Amayi ako anayesa kuwerenga ali panja masana ndipo manambala otuwa aja sanaoneke. Mtengo ukhale wakuda bii, waukulu kuposa zonse pa mzerepo, ndipo mzere ukhale wotakata kuti chala cha munthu wogwira khasu chisadinde wa pafupi. Mawu onse akhale m'Chichewa, ndipo poti kumpoto kwa boma lino, cha ku Nkhamenya, ambiri amayankhula Chitumbuka, uganizirenso zimenezo mtsogolo muno.

Anzako a ku ofesi mwina adzakukakamiza kuti muitulutse msanga nyengo yogulitsa isanafike. Ndikumvetsa, nawonso ali ndi owafunsa. Koma uwauze kuti tsiku la mtengo, kusunga m'foni ndi vuto la mizere yosatsukidwa zikonzedwe kaye. Zina, monga maonekedwe okongola ndi mitengo ya fodya ku Chinkhoma, zikhoza kudikira. Uyankhule nawo mwaulemu, koma pa zitatu izi usagonje.

Musanaitulutse, gula kapena bwereka foni yotchipa kwambiri imene ungapeze, yakale ndi yodzaza, ndipo uziyesera pa imeneyo osati pa yako yabwinoyo. Zimitsa intaneti mndandanda uli pakati potenga mitengo, uone chimene chichitike. Tembenuza foni chogona, uone ngati ikutenganso zonse kuchokera ku seva. Kenako ubwere nayo kuno kumapeto kwa mwezi uno. Ndayankhula ndi a kalabu yathu ya alimi ndipo avomera kukhala nawe Loweruka masana. Udzawapatse foniyo m'manja osawafotokozera chilichonse, iwe udzangoyang'ana pamene chala chawo chikuima. Undiuze tsiku lobwera kuti amayi ako akonzekere, ndipo ngati mnzako wosamala seva uja angathe, ubwere naye.

Ndine bambo ako.