Masitepe ako achitsulo aja, chisanu chisanafike

Mwana wanga,

Kuno tadzuka. Mayi ako mwendo uja ukuchepako ululu, ndipo akupereka moni kwa apongozi ndi kamdzukulu. Dzuwa la Okutobala latiwamba, pomwe kwanuko ku Edinburgh ndikudziwa kuti masamba ayamba kuyoyoka.

Mlongo wako wandionetsa kavidiyo kaja unatumiza pa WhatsApp, mwana akutsika masitepe a kuseri kwa nyumba akuseka. Onse pano anali kuombera m'manja. Ine maso anga anali pa mwendo wa masitepewo, pamene chitsulo chalowa mu konkire. Penti watukusira, pansi pake patsika mzere wofiirira. Usiku umenewo sindinaone tulo. Ndipo ndamva kuti unawayankha apongozi kuti udzakonza chilimwe chamawa, ndalama zapita ku galimoto. Iwe, mwana wa wowotcherera zitsulo, ungayankhe choncho?

Zaka zonse ndakhala ndi ndodo yowotcherera m'manja ku Ndirande, chimene ndinaphunzira n'chakuti dzimbiri limayambira kuphazi. Pamwamba pamawala, pansi paola. Ukukumbukira sitandi ya thanki ija ndinapangira bambo wina uli Sitandade 6? Ndinaiwala kutseka pamwamba pa mapaipi, madzi amvula anadzaza m'kati zaka zingapo, tsiku lina mwendo umodzi unangopindika, thanki yonse pansi. Nkhuku zokha ndi zimene zinafa, koma pamalopo ndi pomwe ana ankasewera madzulo. Mpaka lero ndikadutsa pakhomopo m'mimba mumatentha.

Ndiye kuno kulibe madzi oundana. Kwanuko madzi akalowa m'paipi n'kuundana amafufuma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo amang'amba paipi kuchokera m'kati ngati mmene chinangwa chimang'ambira nthaka. Usiku aundana, masana asungunuka, usiku aundananso. Kamng'alu kamene lero sikalowa chikhadabo, pofika Malichi ulowetsamo chala. Tenga hamala ugogode mwendo uliwonse kuyambira pamwamba. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu. Paipi ikamveka ngati muli madzi, boola kabowo pansi penipeni kuti atuluke, pamwamba utsekepo.

Mchere ndi umene ukundidetsa nkhawa kwambiri. Ndinadzionera ndekha ulendo uja tinabwera kudzaona mwana atangobadwa, magalimoto a khonsolo akumwaza mchere m'misewu usiku, anthu akuupondaponda n'kulowa nawo m'makomo. Iwenso ndinakuona ndi maso angawa ukuwaza mchere pa masitepe omwewo kuti pasaterere. Ndinakhala chete poti ndinali mlendo, lero sindikhala chete. Mchere ukasakanikirana ndi chinyontho, dzimbiri limathamanga. Komanso muli pafupi ndi nyanja yamchere, mphepo yokha imabwera nawo. Pa chitsulo uziwaza mchenga. Sinowo akagwa uzimusesa asanalimbe, ndi tsache kapena fosholo yapulasitiki, yachitsulo imasupula penti. Kukafundako tsiku lina, tsuka masitepe onse ndi madzi abwino, makamaka kunsi kwake kumene munthu sayang'ana.

Sindikukunyoza ayi. Ndikudziwa umachoka kuli mdima n'kubwera kuli mdima, poti mu Disembala kumeneko dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko. Ndikudziwanso ndalama za feteleza umatumiza osadandaula. Chaka chino chotsako pang'ono ugule bulashi ya waya, sandipepa ndi penti, mayi ako avomera.

Koma uchite msanga. Penti sagwira pa chitsulo chonyowa kapena chozizira kwambiri, amangomata pamwamba n'kutsekera chinyontho m'kati. Dikira tsiku louma, kutentha kuposa madigiri 10, mame atauma. Pala mpaka chitsulo chiyere, usapake pamwamba pa dzimbiri kuti pangooneka bwino. Uyambe ndi penti wofiira wapansi uja unkandisakanizira uli mnyamata, aume bwino, kenako wapamwamba kawiri. M'makona ndi mozungulira mabawuti ndi momwe muyenera kulowa bulashi kwambiri. Masamba amene amaunjikana kuphazi kwa masitepe uziwachotsa, amasunga madzi ngati siponji. Mahinjesi a geti upake girizi. Nyengo ikakutsekera usanamalize, pala ndi kupaka girizi pamalo podyekapo kuti padikire, bola pasakhale pamtunda.

Paja unandikweza sitima tikuwoloka mlatho wofiira uja, Forth Bridge. Unandiuza wekha kuti unatsegulidwa mu 1890, ndipo ntchito yaikulu youpala ndi kuupaka penti watsopano inatha mu 2011 itatenga zaka pafupifupi khumi. Ndinakhala pawindo ngati mwana. Chitsulo chija chaima m'mphepo yamchere zaka zoposa zana chifukwa anthu sanatope kuchisamalira. Masitepe ako ndi khumi ndi awiri okha, ndinawawerenga.

Tsono mvetsetsa apa. Ukagogoda n'kupeza kuti hamala ikubonyola chitsulo, kapena sikuludilaiva ikulowa, penti sathandizanso. Itana wowotcherera wodziwa ntchito adule adzaikepo chatsopano, ndipo ngati n'kotheka chikhale chokutidwa ndi zinki ngati malata. Usayese wekha ndi makina obwereka, dzanja lako linazolowera kompyuta. Kufikira atakonza, tseka khomo la kuseri, mwana azitulukira kutsogolo. Chogwirira chija uchigwedeze ndi mphamvu zako zonse, chifukwa pakaterera ndi pomwe munthu amatsamira thupi lonse, ndipo apongozi amatsika pamenepo mwana ali m'manja.

Loweruka likubwerali undijambulire kuphazi kwa miyendo yonse inayi, pafupi, kuwala kulipo. Ujambulenso kunsi kwa sitepe yoyamba ndi pamene chogwirira chalumikizana ndi khoma. Utumize pa foni ya mlongo wako, ndiona ndekha ndikuuze pomwe uyambire. Mayi ako akuti chipewa chaubweya chija aluka chatha, adzapatsira aliyense wobwera kumeneko.

Ndine bambo ako.