Analemba kuti ndi chamba, koma amuna anga akudwala nkhondo ya ku Congo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilire kudzera m'nyuzipepala yanuyi, poti makalata amene ndakhala ndikutumiza kumaofesi akungogona m'madirowa. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa. Ndimalima thonje ndi mapira, ndipo masiku a msika ndimagulitsa mlamba wowamba umene ndimakapikula ku Bangula. Amuna anga anali msilikali. Dzina lawo sinditchula, chifukwa kumudzi kuno ana akuwaitana kale ndi dzina lina limene limandibaya mumtima.

Anapita ku Congo mu 2018 kukagwira ntchito yosungitsa mtendere pansi pa United Nations, m'dera la Beni. Otsatira nkhani akukumbukira kuti mu Novembala chaka chimenecho asilikali athu 6 anaphedwa kumeneko, pamodzi ndi mnzawo wa ku Tanzania, pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wovulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo. Ife wathu tinamulandira wamoyo, manja ndi miyendo zonse zilipo. Tinapha mbuzi, amayi analuluta mpaka mawu kusasa.

Koma munthu amene anatsika minibasi tsiku lija sanali amene ndinamuperekeza. Inu a kumtunda mwina simukudziwa kutentha kwa kuchigwa kuno mu Okutobala. Mudzi wonse umagona panja, mphasa zili mbwee pabwalo. Iwo ayi. Ankadzitsekera m'nyumba, mazenera otseka, atakhala kuseri kwa chitseko ndi chikwanje pamiyendo mpaka tambala woyamba. Mwana akagwetsa chivindikiro cha poto, ankadzigwetsa pansi chafufumimba. Tsiku lina tikudutsa ku Nchalo tinapeza akuwotcha munda wa nzimbe. Moto wa nzimbe umathetheka ngati mfuti. Bambo wamkulu, wa ana atatu, analowa kunsi kwa mpando wa minibasi n'kumakuwa Chiswahili chimene ine sindichimva, anthu akuseka. Atabwerera ku ntchito anayamba kumwa kachasu kuti apeze tulo, iwo amene kale ankangolawa thobwa.

Zitafika poipa anawatengera kuchipatala china. Ine ndinalipo, ndinakhala pabenchi pakhomo. Nthawi imene anakhala m'chipinda cha dokotala siikanakwana kuphika nsima. Anafunsidwa ngati amasuta, iwo anangoti duu, monga ankachitira masiku amenewo ndi aliyense. Mkodzo sanayezedwe. Ine amene ndimagona nawo nyumba imodzi sindinafunsidwe kanthu. Za ku Congo palibe anazitchula. Papepala panalembedwa kuti asokonezeka mutu chifukwa cha chamba. Anawabaya jakisoni ndi kuwapatsa mapiritsi amene ankawaumitsa khosi, dovu likungotuluka, koma maloto aja osasiya.

A Mkonzi, ndakhala ndi bamboyu zaka 17. Ngakhale fodya wa chingambwe sanamuyikepo pakamwa. Za mowa ndavomera, ndipo ndanena chimene chinawayambitsa. Koma mzere umodzi wa chamba uja ndi umene unawachotsetsa ntchito, ndiponso ndi umene unatseka chitseko cha chipukuta misozi cha wovulala pa ntchito. Anatiuza kuti matenda odziputa dala salipiridwa. Tinalandira kandalama kochepa kamene kanathera kwa asing'anga, poti achibale ankati mwana wawo analodzedwa ndi anzake a nsanje chifukwa cha ndalama za ku Congo. Sindiwaweruza apongozi anga. Munthu ukasowa mtengo wogwira umagwira ndi udzu womwe.

Choonadi chinadziwika chifukwa cha madzi osefukira. Namondwe Freddy atatigwera mu Malichi 2023 tinathawira pasukulu ina, ndipo helikoputa zonyamula thandizo zitayamba kudutsa, iwo anakabisala kuseri kwa madesiki, akunjenjemera thupi lonse. Namwino wina wachinyamata amene anabwera pamsasapo anawaona. Sanafunse za chamba. Anakhala nawo pansi pa mtengo n'kufunsa kuti, "Bambo, phokoso limeneli likukukumbutsani chiyani?" Kwa nthawi yoyamba pa zaka 4 ndinawamva akufotokoza za mnzawo amene anamunyamula paphewa m'nkhalango, magazi akutsikira m'malaya. Namwinoyo anatilembera kalata yopita kwa katswiri ku Blantyre. Katswiriyo anawaona maulendo atatu, anandifunsa inenso payekha, ndipo analemba kuti ndi PTSD, matenda amene amagwira munthu amene anaona zoopsa zoposa msinkhu wa mtima wake. Anati ubongo umakhalabe tcheru ngati nkhondo ikadalipo, n'chifukwa chake tulo sitibwera ndipo kaphokoso kalikonse kamadzidzimutsa. Anasintha mankhwala n'kuwayambitsa uphungu. Lero amagonako, ndipo chaka chatha anandithandiza kutola thonje.

Ndinkaganiza kuti ndi kalata ya katswiri nkhani yatha. Tinachita apilo. Ulendo uliwonse ndi kudzuka usiku, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, kukwera zitunda zija galimoto ikulira ngati ikufa, ndi munthu amene amaopa khamu la anthu. Mbuzi 5 zapita m'mathiransipoti. Ulendo woyamba anati fayilo sikuoneka. Wachiwiri anati yapezeka, koma zimene zinalembedwa poyamba ndi zimene zikugwira ntchito. Wachitatu anati tibweretse umboni woti matendawa anayambira ku ntchito. Umboni wake uti? Amene anali nawo m'nkhalango muja ambiri akadali m'yunifolomu, ndipo akawaimbira foni amati, "Achimwene, timakumvetsani, koma tisaike dzina papepala." Sindikuwada, nawonso ali ndi ana. Chimene sindikumvetsa n'chakuti pepala lolembedwa mothamanga, popanda kuyeza chilichonse, lizilemera kuposa la katswiri amene anakhala ndi wodwala maulendo atatu.

Mlongo wanga ndi mphunzitsi, ndipo anandiwerengera pa intaneti kuti zoterezi zinachitikanso ku America. Pakati pa 2001 ndi 2010, nthawi ya nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, asilikali oposa 31,000 anachotsedwa ntchito atalembedwa kuti ali ndi vuto la chikhalidwe chimene anali nacho kale asanalowe usilikali. Polemba choncho, boma silinkalipira za kuvulala. Mabungwe a asilikali opuma anakana kukhala chete. Mu 2014 nduna yawo ya zachitetezo, Chuck Hagel, inalamula kuti makomiti aunikenso mwachifundo nkhani za amene anachotsedwa molakwika pamene ankadwala PTSD, makamaka a nkhondo ya ku Vietnam, chifukwa matendawa madokotala anawapatsa dzina mu 1980, nkhondoyo itatha kale. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Ndikungoti dziko la madokotala ochuluka chotere linavomera kuti dokotala angathe kulakwitsa, ndipo linatsegula njira yokonzera. Kuno akatswiri a matenda a maganizo ndi owerengeka, chipatala chachikulu chili ku Zomba, ndipo mnyamata aliyense wosokonezeka timathamangira kunena kuti ndi chamba. Mpata wolakwitsa ndi waukulu kwambiri kwa ife.

Pempho langa kwa akuluakulu ndi ili: msilikali akabweretsa kalata ya katswiri yotsutsana ndi yoyamba, aonedwenso ndi madokotala amene sanakhudzidwe ndi chigamulo choyamba, ndipo mkazi wake kapena mayi ake aloledwe kulankhula, chifukwa ndife amene timaona za usiku. Kabuku kosonyeza kumene munthu anatumizidwa ndi chaka chake kali m'manja mwawo, asatitume ife kukasaka mboni. Ndipo ngati n'kotheka madokotalawo azitsika kuchigwa kuno ngakhale kamodzi pa chaka. A bungwe la asilikali opuma la VELOM, amene timawaona mu Novembala ndi timaluwa tofiira pokumbukira ankhondo akale, ndikuwapempha atithandize kulankhula, chifukwa ankhondo ena akale ali ndi zaka 40 zokha. Aphungu athu a Chikwawa ndi Nsanje afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti ndi asilikali angati anachotsedwa ndi mawu akuti chamba atangobwera kumene ku Congo. Mu Januwale 2025 tinatayanso asilikali 3 kufupi ndi Goma, ndipo anzawo amene anaona zimenezo anabwerera kwawo. Akazi awo akudziwa kale zimene ndikunenazi.

Ndalama tikuzifuna, sindibisa, mwana wathu woyamba ali Fomu 3 ndipo fizi ikundilemera ndekha. Koma amuna anga atandiona ndikulemba kalatayi anati, "Amake mwana, ulembe kuti afufute mawu aja, ana anga asamakule akudziwa kuti bambo awo anachotsedwa chifukwa cha chamba." Mwezi wamawa tikukweranso zitunda ulendo wachinayi. M'khola mwatsala mbuzi imodzi.

Mkazi wa msilikali wakale,
Ngabu, Chikwawa