Amwali, zithunzi zija ndatumiza

Amwali anga,

Muli bwa ku Leeds ko? Ana ali bwanji ndi bambo awo? Ife kuno tilipo, kuzizira kokhaku basi, chiperoni cha Julaye uno sichikutipatsa mpata, m'mawa phiri la Ndirande silioneka n'komwe ndipo zovala zimagona pachingwe osauma. Ndikudziwa museka kuti kuzizira kwa chani poti inu mwaona sinowo, koma inu muli ndi mahita m'nyumba, ife ndi mbaula yomweyi.

Voice note yanu ndinaimva, ndaseka mpaka misozi za aneba anu achizungu aja akudabwa kuti masamba a maungu mukuthyolera chani. Asiyeni, iwo adikire dzungu lawo la October losema maso lija, inu muzidya nkhwani. Koma mwati mwaphika ndiye zakukandani pakhosi eti? Simunasadzule bwino amwali, komanso ndikukayika kuti munathyola masamba okhwima. Muzitenga anthete aja apafupi ndi nsonga, koma osakolola onse pa mtsitsi umodzi, mbewu imafooka. Mukathyola kaphesi kumapeto muzikoka ulusi uja kutsika nawo mpaka m'mitsempha ya tsamba, mbali zonse, mpaka phesi lisalale. Maluwa aamuna aja, opanda kadzungu pansi, mutha kuponyamo angapo amakoma, ena musiyire njuchi. Madzi pang'ono chabe, awire kaye ndi mchere, ikani nkhwani, tomato pamwamba, zikafewa thirani nsinjiro pamwamba pomwepo nkuvundikira osatakasa kaye, zipse ndi nthunzi, kenako ndiye mutakase pamoto wochepa chifukwa zotendera sizichedwa kupserera. Nsinjiro ikasowa chiponde chimagwira, bola chikhale chopanda shuga. Vidiyo ya kusadzula ili m'gulu la zomwe ndatumiza pa WhatsApp, manja mukuwaonawo ndi a apongozi anga.

Kadimba kathu kaja simungakazindikire. Paja munasiya pali mulu wa njerwa kuseri kwa bafa, pano ndi mabedi a mpiru, repu, tchayinizi ndi anyezi, nyengo yozizirayi masamba amenewa ndiye amakondwa, ndipo kumpanda taimika matumba akale a fetereza odzadza dothi, oboola m'mbali, momwe mwamera tomato ndi kambuzi. Bonongwe, chisoso ndi luni sitinadzale ayi, zimangomera zokha tikathira manyowa, ndiye lamulo la pakhomo pano ndi loti wopalira asazule chilichonse asanafunse. Bambo a kunyumba kuno poyamba ankati ndi zotaya nthawi, masamba ndi otchipa kumsika, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja kampukutu ka mpiru kakungochepa mtengo ukukwera, pano ndi iwowo amene amadzuka kukathirira asanapite kuntchito, kkkk, ndipo amawerenga tomato wawo kuti aone ngati ana aba.

Vuto ndi madzi. Kumpope amabwera usiku pomwe afunira, ndiye timatunga m'zigubu, ndipo madzi otsukuluzira mbale, otsukira mpunga, onse amathera kudimba, kupatula a sopo wambiri. Taphimbira mabedi ndi udzu wouma, zimathandiza kwambiri, dothi siliuma msanga. Fetereza wogula yekha sitingakwanitse ndiye tikupanga uja amati wa Mbeya, kusakaniza madeya, phulusa, zitosi za nkhuku zouma, kafetereza pang'ono ndi madzi owaza, nkumanga m'thumba la pulasitiki mpweya usalowe, masiku 21 pamthunzi. Fungo lake pomasula musafunse, koma masamba ake amabiriwira zedi. Nsabwe zikagwira repu timasinja masamba a nimu ndi tsabola nkuviika usiku wonse, m'mawa kusefa nkuwaza kunsi kwa masamba komwe zimabisala. Koma kambozi ka tomato kaja amati Tuta, kolowa m'kati mwa tsamba, kameneko nde sikamva, timangothothola masamba ogwidwa nkuwotcha.

Apongozi anabwera kuchokera ku Ntcheu mwezi wa Malichi kudzaonana ndi adokotala za mwendo, mpaka lero alipo, ndipo kunena zoona khitchini ailanda. Ine sindikudandaula. Atangofika anaona nkhwani ndi khwanya zikungokalamba kumunda kwa kuseri anati ana inu mukutaya ndiwo za Okutobala, ndiye anayamba kufutsa. Amawiritsa pang'ono chabe ndi kamchere, osati mpaka kupsa, nkuyanika pamkeka, zikauma gwa nkusunga. Iwo amafuna chikwatu chenicheni cha masamba a msuku chomanga ndi luzi nkupachika kudenga la khitchini komwe kumafika utsi, koma msuku muupeza kuti mtauni muno, ndiye anangololera mabigiri otseka bwino uku akung'ung'udza kuti mfutso wa m'pulasitiki sununkhira. Mwina akunena zoona. Koma dzulo tadyera mfutso wotendera ndi nsima ya mgaiwa ndi tiusipa towamba, ana anapala mpoto.

Therere lawo safuna soda wa m'sitolo. Amawotcha zitsononkho, phulusa lake amaika m'kachitini koboola pansi, kuthira madzi, ndiye chidulo chimadontha pang'onopang'ono m'kambale, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Amachilawa ndi nsonga ya lilime nkudziwa kuti chakwana kapena chawawitsa. Ine zimenezi ndinaziona komaliza kwa agogo anga ndili ku pulayimale, ndipo ana angawa sankadziwa n'komwe kuti ziliko.

Apa ndi pomwe pabwera nkhani ya zithunzi. Wojambula si ine ayi, ndi mwana wanu wachisamba uja, pano ali Fomu 3, anatenga foni yakale ya bambo ake yosweka galasi ija nde sapuma nayo. Waphunzira yekha kuti dzuwa la masana limaononga nkhope, amajambula m'mawa kapena chakumadzulo, kapena amakukokera pakhonde pamthunzi, fulashi safuna kuimva, ndipo asanajambule amapukuta kaye kamera ndi malaya. Amagwada, amagona pansi m'dimba kuti ajambule mame pa tsamba la mpiru, yunifomu yonse matope. Agogo ake akangoona foni amati dikira ndikasinthe, amakavala chitenje cha ku Mvano ndi mpango, nkuima chilili manja m'mbali nkhope ili gwa osaseka. Ndimawamvetsa, nthawi yawo chithunzi chinali chinthu chodula, mukukumbuka wojambula wa panjinga uja ankazungulira Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, kulipira dipoziti nkudikira mpaka filimu yake ya zithunzi 36 idzadze akatsukitse mtauni, mwina nkubwera mutu utadulidwa koma ndalama osabweza. Ndiye munthu sukanalola kujambulidwa uli ndi ufa m'manja.

Koma kwa ine zithunzi zabwino ndi zomwe mwanayu amaba agogo ake asakudziwa. Onani chija akupeta mtedza, makoko ali m'malere, lichero litapendekeka, mlomo atauluma. Ndi china chija akuomola nsima, chipande chikutuluka m'madzi, nthunzi itaphimba theka la nkhope. Zoima chilili zija aliyense ali nazo, koma mmene amagwirira mthiko, mmene amakhalira pamkeka miyendo atatambasula akusadzula, zimenezo ndi zomwe ndikufuna ana anu aone kumeneko, poti chizungu chokha chomwe akuyankhula pafoni chija ndikuopa kuti adzafika kuno nkumafunsa kuti mtondo ndi chani. Mayi anga ine anapita ndili ndi chithunzi chawo chimodzi chokha, cha pa ukwati wa achimwene, ali kumapeto kwa mzere dzuwa likuwathobwa m'maso. Ndiye ndamuuza mwanayu kuti asankhe zabwino tikatsukitse ku studio tiike mu alubamu, za m'foni sindizikhulupirira, foni ikabedwa mu minibasi kapena ikagwera m'ndowa zonse zapita.

Zina sizinadutse, bando inathera panjira, nditumiza mwezi ukatha. Inunso mutijambulire mabaketi anu a maunguwo tione, komanso ana akudya nsima ndi manja osati za foloko munatitumizira ulendo watha zija, apongozi anaziona anangogwira pakamwa. Ndipo ngati muli ndi foni yomwe simukugwiritsa ntchito, ya kamera yabwinoko ndi memory yokulirapo, mumusungire mwana wanuyu, yakeyi imadzadza tsiku lililonse mpaka amafufuta nyimbo za bambo ake ndiye kumakhala milandu. Za December zija zikatheka mundiuze msanga tikonze chipinda, mudzapeza mango atapsa. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, apongozi akuti mudzawagulire juzi yotentha ya mabatani, saizi yaikulu.

Ndine mnzanu uja wa ku Chirimba